Kodi Malamulo Amachokera Kuti M'dziko la Chitaganya? Mafunso ndi Mayankho

Nkhani yoti Malawi akhale ndi zigawo zodzilamulira imabuka pafupipafupi, ndipo kuno ku Salima amaikamba aphunzitsi, ophunzira akusekondale, makhansala ndi anthu amene ali ndi achibale kunja. Zokambiranazo nthawi zambiri zimathera pa ndale ndi pa kagawidwe ka ndalama za chitukuko, koma funso limene limatsalira ndi la malamulo: m'dziko lomwe muli boma lalikulu komanso maboma a zigawo, ndani amapanga lamulo, ndipo malamulo awiri akasemphana, ndi liti limene bwalo la milandu lidzatsatira? Mayankho ali m'munsimu atsamira kwambiri pa dziko la United States, lomwe malamulo ake oyendetsera dziko analembedwa ku Philadelphia mu 1787 ndipo akugwirabe ntchito, koma pena ndi pena tiyang'ananso mayiko ena ndi zathu zomwe.

Kodi dziko la chitaganya ndi lotani, ndipo Malawi ali m'gulu limeneli?

Ndi dziko lomwe mphamvu zolamulira zinagawidwa pakati pa boma lalikulu ndi maboma a zigawo, ndipo kugawako kunalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko kotero kuti mbali imodzi singalande mphamvu za inzake mwa kufuna kwake. United States ili ndi zigawo 50, Nigeria 36, Germany 16, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake. Malawi sali m'gulu limeneli. Tili ndi Nyumba ya Malamulo imodzi ku Lilongwe, ndipo zigawo zathu za Kumpoto, Pakati ndi Kumwera zilibe mphamvu yopanga lamulo lililonse.

Kodi magwero a malamulo ndi ati?

Gwero loyamba ndi malamulo oyendetsera dziko. Pansi pake pali malamulo amene aphungu amakhazikitsa, kenaka malamulo atsatanetsatane amene nthambi za boma zimalemba pogwiritsa ntchito mphamvu zimene aphungu anazipatsa. Palinso zigamulo za mabwalo aakulu a milandu, ndiponso mapangano amene dziko limachita ndi mayiko ena.

Chimene chimasiyanitsa dziko la chitaganya ndi chakuti pafupifupi gwero lililonse limapezeka pawiri. Munthu wokhala ku Texas ali pansi pa malamulo oyendetsera dziko la United States komanso pansi pa malamulo oyendetsera chigawo cha Texas. Ayenera kumvera malamulo ochokera ku Congress ku Washington, nyumba ya malamulo yomwe ili ndi zipinda ziwiri, china cha aphungu 435 ndi china cha maseneta 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse. Koma ayeneranso kumvera malamulo ochokera ku nyumba ya malamulo ya chigawo chake ku Austin. N'chifukwa chake loya wa kumeneko akafunsidwa zimene lamulo limanena pa nkhani ya banja kapena ya malo, amayamba wafunsa kuti nkhaniyo yachitikira m'chigawo chiti.

N'chifukwa chiyani malamulo oyendetsera dziko amaposa malamulo ena onse?

Chifukwa ndi amene amabereka nyumba ya malamulo, boma ndi mabwalo a milandu, n'kuuza aliyense malire ake. Aphungu sangapange lamulo loposa mphamvu zimene anapatsidwa, ndipo akatero bwalo likhoza kulithetsa. Ku United States mfundo imeneyi inakhazikika mu 1803 pa mlandu wa Marbury v. Madison, pamene mkulu wa oweruza John Marshall anagamula kuti ndi ntchito ya bwalo kunena chimene lamulo lili, ndi kukana lamulo la Congress lotsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Kwathu mfundo yomweyi inalembedwa poyera m'ndime 5 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994, yomwe imati lamulo kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana nawo chilibe mphamvu. Taiona ikugwira ntchito. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo linagamula kuti sikoyenera kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azipatsidwa chilango cha imfa popanda woweruza kuganizira mmene mlanduwo unachitikira. Mu 2017, pa mlandu wa Gwanda, bwalo linathetsa ndime ina ya malamulo a upandu imene apolisi ankamangira anthu ongopezeka akuyenda usiku. Ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsa chisankho cha Pulezidenti cha 2019.

Malamulo amenewa amasinthidwa movutikira, ndipo n'zadala. Ku United States njira imene akhala akutsata imafuna magawo awiri mwa atatu a zipinda zonse ziwiri za Congress, kenaka zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Pa zaka zoposa 230 asinthidwa maulendo 27 okha, ndipo 10 oyambirira, okhudza ufulu wa anthu, anabwera pamodzi mu 1791.

Ndani amagamula kuti nkhani iyi ndi ya boma lalikulu, iyi ndi ya chigawo?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mayiko sanatsate njira imodzi. Ku United States anatchula mphamvu za Congress chimodzichimodzi, monga kusindikiza ndalama, kulengeza nkhondo, kuyendetsa mtokoma ndi kuwongolera malonda a pakati pa zigawo, ndipo kusintha kwa nambala 10 kunanena kuti mphamvu zonse zosatchulidwa zimatsalira ku zigawo kapena kwa anthu. Motero maukwati, kusudzulana, chuma cha masiye, malo, ziphaso zoyendetsera galimoto, sukulu ndi milandu yambiri ya upandu zili m'manja mwa zigawo. Chilango cha imfa chimaonetsa bwino kusiyanaku, pakuti Michigan anachithetsa pa milandu yakupha kalekale m'zaka za m'ma 1840, pamene Texas akuchigwiritsabe ntchito.

Canada anachita mosiyana. Malamulo ake a 1867 anaika malamulo a upandu m'manja mwa boma lalikulu, kotero kuti mlandu wakuba uli ndi tanthauzo limodzi m'dziko lonse. India analemba mindandanda itatu: wa boma lalikulu, wa zigawo, ndi wa nkhani zimene onse awiri angapangire malamulo. Nigeria ali ndi mndandanda wa boma lalikulu lokha ndi wina wogawana, ndipo mwayi umene zigawo zili nawo ndi umene unachititsa kuti kuyambira cha mu 2000 zigawo 12 za kumpoto, motsogozedwa ndi Zamfara, ziyambe kugwiritsa ntchito malamulo a Sharia pa milandu ya upandu. South Africa, komwe kuli achibale athu ambiri, ali pakatikati: zigawo zake 9 zili ndi nyumba za malamulo, koma mphamvu zambiri zili ku boma lalikulu.

Ngakhale mndandanda ulembedwe mosamala bwanji, mikangano siitha, ndipo amene amaithetsa ndi bwalo lalikulu koposa. Mu 1819, pa mlandu wa McCulloch v. Maryland, bwalo lalikulu koposa la ku United States linagamula kuti Congress inali ndi mphamvu yokhazikitsa banki ngakhale kuti banki sinatchulidwe pa mndandanda wa mphamvu zake, komanso kuti chigawo cha Maryland sichikanatha kuikhometsa msonkho bankiyo.

Nanga lamulo la chigawo likatsutsana ndi la boma lalikulu?

La boma lalikulu ndi limene limapambana, malinga ngati boma lalikululo linali ndi mphamvu yopanga lamulo pa nkhaniyo. Gawo 6 la malamulo oyendetsera United States limanena zimenezi, ndipo ku Germany ndime 31 imanenanso chimodzimodzi m'mawu ochepa kwambiri.

Komabe si kusiyana kulikonse kumene kuli kutsutsana. Malipiro ochepetsetsa amene Congress inakhazikitsa ndi madola 7.25 pa ola kuyambira 2009, koma zigawo monga California ndi Washington zinaika malipiro oposa madola 15, ndipo palibe cholakwika, chifukwa wolemba ntchito amene akulipira zambiri wamvera malamulo onse awiri. Wachibale amene akugwira ntchito kumeneko ayenera kudziwa lamulo la chigawo chake, osangodalira la dziko lonse.

Nkhani ya chamba ndi yovutirapo. Lamulo la Congress la 1970 limachiletsa, koma mu 2012 anthu a ku Colorado ndi Washington anavota kuti akuluakulu aziloledwa kuchigwiritsa ntchito, ndipo zigawo zina zambiri zinatsatira. Zigawozo sizinafafanize lamulo la boma lalikulu, pakuti zilibe mphamvu yotero. Zinangochotsa chiletso m'malamulo awo. Boma lalikulu likhoza kumangabe munthu, monga bwalo linatsimikizira mu 2005 pa mlandu wa Gonzales v. Raich, koma silingakakamize apolisi a chigawo kuti aligwirire ntchitoyo. Mlendo ayenera kusamala kwambiri apa, chifukwa nkhani zolowa ndi kukhala m'dzikolo zili m'manja mwa boma lalikulu, ndipo chinthu chololedwa ndi chigawo chikhoza kumuwonongera zitupa zake.

Pamene boma lalikulu lilibe mphamvu yolamula, limagwiritsa ntchito ndalama. Mu 1984 Congress inanena kuti chigawo chololeza anthu osakwana zaka 21 kugula mowa chidzadulidwa gawo la ndalama za misewu, ndipo m'zaka zochepa zigawo zonse zinakweza zakazo.

Kodi malamulo olembedwa ndi nthambi za boma ndi malamulo enieni, poti sanawapange aphungu?

Inde, ndipo munthu wamba amakumana nawo kawirikawiri kuposa ena onse. Aphungu sangakhale pansi kulemba kukula kwa maso a ukonde kapena tsiku lotsekera nyanja, choncho lamulo lathu la zausodzi la 1997 linapereka mphamvu yolemba zimenezo kwa nduna ndi nthambi ya zausodzi. Msodzi wa ku Senga Bay akalandidwa ukonde wosaloledwa, chimene chamugwira ndi malamulo a mtundu umenewu. Ku United States nthambi monga yoona za chilengedwe ndi yoona za chakudya ndi mankhwala zimalemba malamulo ochuluka kwambiri, ndipo lamulo la 1946 limazikakamiza kulengeza kaye zimene zikufuna kulemba ndi kulandira maganizo a anthu zisanamalize. Malire ake ndi amodzi kulikonse: nthambi ikadutsa mphamvu imene aphungu anaipatsa, bwalo likhoza kuthetsa zimene yalemba.

Kodi oweruza nawonso amapanga malamulo?

M'mayiko amene anatengera malamulo a ku England, chigamulo cha bwalo lalikulu sichithera pa anthu awiri amene anali pa mlanduwo. Mfundo imene yagamula mlanduwo imamanga mabwalo onse a pansi pake pa milandu yofanana nayo, ndipo mbali zikuluzikulu za malamulo a mapangano a malonda ndi a chipukuta misozi zinamangidwa motere, mlandu ndi mlandu, popanda aphungu. Ife tinalandira malamulo amenewa kudzera m'chilamulo cha atsamunda cha 1902, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994 anawasunga pamodzi ndi malamulo a chikhalidwe. Majisitireti wa ku Salima kapena ku Nkhotakota sangagamule mosemphana ndi zimene bwalo lathu lalikulu koposa, la Supreme Court of Appeal, linanena kale.

M'dziko la chitaganya funso limakhala lakuti chigamulo cha bwalo liti chimamanga ndani. Chigamulo cha bwalo lalikulu la New York sichimanga woweruza wa ku Florida. Akhoza kuchiwerenga n'kukopeka nacho, koma sakakamizika. Ndipo mu 1938, pa mlandu wa Erie Railroad v. Tompkins, kunagamulidwa kuti bwalo la boma lalikulu likamaweruza nkhani ya malamulo a chigawo liyenera kutsatira zimene mabwalo a chigawocho ananena, osadzipangira zake. Palinso zigawo zimene zinasunga mwambo wina, monga Louisiana ku United States ndi Quebec ku Canada, komwe malamulo a pakati pa anthu anachokera ku mwambo wa ku France wolemba zonse m'buku limodzi lalikulu.

Bwalo lalikulu koposa likhoza kusintha chigamulo chake chakale. Ku United States mu 1896 linalola tsankho lolekanitsa anthu akuda ndi azungu, koma mu 1954, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, linagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma ndi kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Ndimaona kuti mlandu umenewu ndi umene umasonyeza bwino chifukwa chake zigawo siziyenera kusiyidwa popanda woziyang'anira, pakuti amene anapanga malamulo a tsankhowo anali maboma a zigawo, osankhidwa ndi ovota a kumeneko.

Kodi dziko likasayina pangano ndi mayiko ena, panganolo limakhala lamulo pomwepo?

Ayi. Ku United States Pulezidenti amasayina, koma pangano limafuna chivomerezo cha magawo awiri mwa atatu a maseneta, ndipo zigawo siziloledwa kuchita mapangano otere pazokha. Dzikolo linasayina pangano la ufulu wa ana mu 1995 koma silinalivomereze mpaka lero, pamene Malawi analowa m'panganoli mu 1991. Kwathu ndime 211 imati pangano latsopano limakhala mbali ya malamulo athu ngati Nyumba ya Malamulo yatero.

Kodi mlandu wa upandu umasiyana bwanji ndi mlandu wa pakati pa anthu?

Tiyerekeze kuti minibasi yagunda wakabaza pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Boma likhoza kuzenga dalaivala mlandu woyendetsa mosasamala, ndipo akapezeka wolakwa adzalipira chindapusa ku boma kapena kupita kundende. Umenewu ndi mlandu wa upandu, ndipo umboni wake uyenera kukhala wosasiya chikayiko chomveka. Koma chindapusacho sichilipira chipatala kapena njinga ya wovulalayo. Kuti apeze chipukuta misozi ayenera kusuma yekha mlandu wina, wotsutsana ndi dalaivala, mwini galimoto kapena kampani ya inshuwalansi, ndipo kumeneko amangofunika kusonyeza kuti mbali yake ndi yokhulupirika kuposa inayo. Anthu ambiri amataya ufulu wawo chifukwa choganiza kuti mlandu wa kupolisi ukatha ndiye kuti zonse zatha.

M'dziko la chitaganya pamawonjezereka chinthu china. Popeza boma lalikulu ndi chigawo amatengedwa ngati maulamuliro awiri, chochita chimodzi chikhoza kuphwanya malamulo a onse awiri, ndipo aliyense angazenge mlandu wake. Apolisi amene anamenya munthu wina wakuda, Rodney King, ku Los Angeles sanapezeke olakwa m'bwalo la chigawo mu 1992, koma awiri mwa iwo anapezeka olakwa m'bwalo la boma lalikulu mu 1993 pa mlandu wophwanya ufulu wake.

Ndiye kuti kuli mabwalo a mitundu iwiri?

Ku United States ndi choncho. Boma lalikulu lili ndi mabwalo oyambira milandu 94, mabwalo a apilo 13, ndi Supreme Court ya oweruza 9. Chigawo chilichonse chilinso ndi mabwalo ake kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo milandu yochuluka kwambiri imayambira ndi kuthera kumeneko. India sanatero, ngakhale ali ndi zigawo, mabwalo ake onse ali pa mzere umodzi wothera ku bwalo lalikulu ku New Delhi.

Nanga malamulo a mafumu ndi a chikhalidwe ali pati?

Kuno kwathu ali ndi malo awo, ndipo pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, timaona mphamvu yake: usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja n'kutsegulidwa ndi mwambo, mowa ndi juga siziloledwa, ndipo asodzi akhala akumvera zimenezi kwa zaka makumi ambiri, nthawi zina mokhulupirika kuposa mmene malamulo a boma amamveredwa m'madoko ena. Koma mwambo uli pansi pa malamulo oyendetsera dziko ndi malamulo a aphungu. Kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, kaya achibale anene kuti ndi mwambo, ndipo kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Ku United States mitundu ya eni dziko yoposa 570 ndi yovomerezedwa ndi boma lalikulu, ndipo yambiri, monga a Navajo, ili ndi maboma ndi mabwalo akeake, ngakhale kuti Congress ili ndi mphamvu yochepetsa ulamuliro wawo.

Poti khonsolo ya Salima imapanga malamulo ake, kodi sindiye kuti tili kale ngati zigawo?

Ayi, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Malamulo oyendetsera dziko lathu amavomereza kuti makhonsolo akhalepo, ndipo lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limawalola kulemba malamulo a misika, a ukhondo, a ziweto ndi ena otero. Koma kukula kwa mphamvuzo amakuika ndi aphungu a ku Lilongwe, amene angakusinthe ndi lamulo wamba, ndipo malamulo a khonsolo amafuna chivomerezo cha nduna. Mphamvu ya khonsolo ili ngati munda wobwereka, umene umalimidwa malinga ndi kulola kwa mwini, pamene ya chigawo cha m'chitaganya ndi yakeyake. Umboni wake tinauona tokha: makhansala amene anasankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala popanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Ku United States boma la ku Washington lilibe mphamvu yoimitsa nyumba ya malamulo ya chigawo kapena kusankhira anthu bwanamkubwa.

Malawi atasanduka dziko la chitaganya, n'chiyani chingasinthe pa malamulo?

Poyamba pangafunike kulembanso mbali yaikulu ya malamulo oyendetsera dziko, zimene zimafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndiponso riferendamu pa ndime zina zotetezedwa mwapadera. Akuluakulu amene amakumbukira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha pa 31 December 1963, ali ndi chifukwa chomveka chokayikira, pakuti chinakhazikitsidwa anthu akuno akukana, ndipo mphamvu zenizeni zinali ku Salisbury (komwe lero ndi Harare) m'manja mwa azungu ochepa. Koma vuto la chitaganya chimenecho linali lakuti eni dziko analibe mawu, ndipo n'kulakwa kuweruza dongosolo lonse ndi chitsanzo chimodzicho.

Ntchito yovuta ingakhale yolemba mndandanda wa mphamvu, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja tiyenera kuiganizira kwambiri. Nyanja ya Malawi imakhudza zigawo zonse zitatu, kuyambira Karonga ndi Nkhata Bay, kudzera Nkhotakota ndi Salima, mpaka Mangochi, ndipo usipa ndi chambo sizidziwa malire. Usodzi utaperekedwa ku zigawo, chigawo china chikhoza kutseka nyanja pamene china chikulola makoka, ndipo asodzi angasamukire kumene lamulo ndi lofewa. Utasiyidwa ku boma lalikulu lokha, ndiye kuti pa nkhani imene ikudyetsa mabanja ambiri a kuno palibe chimene chasintha. Mafunso omwewo angabuke pa malo, pa nkhalango ya Nkhotakota, pa msonkho wa shuga wa ku Dwangwa, ndi pa chiphaso cha dalaivala wa minibasi amene amachoka ku Salima m'mawa n'kukagona ku Mzuzu. Pangafunikenso kugwirizana ngati chigawo chilichonse chingakhale ndi mabwalo ake monga ku United States kapena tingasunge mabwalo a dziko lonse monga ku India, ndiponso kuti ndi bwalo liti limene lingaweruze pamene chigawo chakokerana ndi boma la ku Lilongwe.